Budgie Yangoti Zii: Yatopa Kapena Yadwala?

Phokoso la budgie, mbalame yaing'ono yoweta m'khola, limazolowereka mpaka munthu kuiwala kuti lilipo. Kukangocha imayamba kulongolola, imamenyana ndi kabelu kake, imakwera mawaya a khola chadodolido, ndipo mukatsegula wailesi nayonso imakweza mawu ngati pali mpikisano. Ndiye tsiku lina m'nyumba mwangoti zii. Mbalame yakhala pakamtengo kake, nthenga zafufuma, maso akutsinzina masanasana. Apa ndi pamene malangizo amayamba kugundana. Wina akuti ikungosintha nthenga, wina akuti yasungulumwa muipezere inzake, winanso akuti dikirani masiku awiri muone. Aliyense wa iwowa akhoza kulondola nthawi zina. Chovuta n'chakuti kwa kambalame kolemera magalamu 30 mpaka 40 okha, masiku awiri ndi nthawi yaitali zedi, ndipo chifukwa chake chagona m'mene thupi lake limagwirira ntchito.

Mbalame yozolowera kubisa matenda

Budgie, imene dzina lake lonse ndi budgerigar ndipo asayansi amaitcha Melopsittacus undulatus, ndi kachinkhwe kakang'ono kochokera kumadera ouma a dziko la Australia. John Gould ndi amene anapita nazo zamoyo ku England mu 1840, ndipo kuchokera pamenepo zinafalikira m'nyumba za anthu padziko lonse. Kwawoko zimauluka m'magulu akuluakulu kusaka njere za udzu ndi madzi, akabawi ali pambuyo. Kabawi salimbana ndi gulu lonse. Amasuzumira imodzi yomwe ikutsalira, yomwe ikuoneka yolefuka. Choncho mbalame yomwe imaonetsa kudwala inkadyedwa msanga, ndipo yotsala kuti ibereke inali yodziwa kudzilimbitsa.

Zaka zonse zokhala m'khola sizinachotse khalidweli. Budgie yodwala imayesetsa kuoneka yabwinobwino, makamaka ikadziwa kuti mukuiyang'ana. Imatha kudziwongola mukalowa, kutola njere ziwiri zitatu ngati ikudya, n'kubwerera kukafufuma mukangotuluka. Tsiku limene mwaona ndi maso kuti yafooka, nthawi zambiri si tsiku limene matenda ayamba. Ndi tsiku limene mphamvu zobisira zatha. N'chifukwa chake eni mbalame ambiri amati "inafa mwadzidzidzi", pamene inakhala ikudwala sabata yathunthu kapena kupitirira.

Pali chinanso. Thupi la mbalame ndi lotentha kuposa lathu, limakhala pakati pa madigiri 40 ndi 42, ndipo kuti kathupi kakang'ono chotere kasunge kutentha koteroko kamafunika chakudya pafupipafupi. Kali ngati moto wa tinkhuni ting'onoting'ono: umayaka mwaukali, koma mukangoleka kusonkhezera umazima. Galu akhoza kukana chakudya tsiku lathunthu n'kudzuka ali bwino. Budgie ikatha tsiku isanadye imakhala kale pangozi.

Kukhala chete komwe sikuopsa

Sikuti budgie iliyonse yosalankhula ndi yodwala. Yomwe yangobwera kumene m'nyumba imatha masiku angapo ili duu pakona, ikuphunzira malo. Yomwe ikusintha nthenga imakhala yaulesi ndi yokwiyakwiya, ndipo mudzaona nthenga zambiri pansi pa khola ndi tina tatsopano tosongoka ngati timinga pamutu pake. Yomwe yatayana ndi inzake imachepetsa kuimba. Yomwe imagona m'chipinda chowala mpaka usiku kwambiri imasinza masana, chifukwa mbalamezi zimafuna maola 10 mpaka 12 a mdima ndi bata.

Chosiyanitsa n'chakuti mbalame yotereyi ikudyabe, zitosi zake sizinasinthe, ndipo mukaiyandikira imatsegula maso, kusalaza nthenga n'kutchera khutu. Onaninso kagonedwe. Budgie yathanzi imakonda kugona itaima ndi mwendo umodzi, wina itaubisa m'nthenga. Yodwala imagwira kamtengo ndi miyendo yonse iwiri popeza ilibe mphamvu zodzichirikizira, ndipo imakhala yofufuma kwa maola ambiri ngakhale kunja kukutentha. Kufufumako ndi njira yake yofunda bulangeti: imatsekera mpweya pakati pa nthenga kuti kutentha kusathawe.

Mungayang'ane chiyani

Yambani mwaibisalira. Imani pakhomo pomwe sikukuonani, muiyang'ane kwa mphindi zingapo. Chinthu choyamba ndi mchira. Mbalame yopuma bwino mchira wake sugwedezeka kwenikweni. Ukamakwera ndi kutsika mooneka pa mpweya uliwonse, ndiye kuti ikuvutika kupuma. Kupuma yotsegula mlomo isanauluke, kulira kwa "tiki tiki" kapena kamluzu popuma, mawu osasa, zonsezi zikuloza komweko. Yang'ananinso mphuno, zomwe zili pa kachikopa kofewa ka pamwamba pa mlomo kotchedwa cere. Nthenga za pamwamba pake zikadetsedwa kapena kumatana, ndiye kuti m'mphuno mukutuluka zamadzi.

Chachiwiri ndi mbale ya chakudya, ndipo apa ambiri amapusitsika. Budgie imasenda njere iliyonse isanameze, makoko n'kugwera m'mbale momwemo. Mbale ikhoza kuoneka yodzaza pamene pamwamba ponse ndi makoko okhaokha. Uzirani pang'ono muone chotsala. Palinso mbalame zodwala zomwe zimangosenda ndi kuphwanya njere osameza, moti mumapeza timafumbi ta njere m'mbale mbalame ili ndi njala.

Chachitatu ndi zitosi, ndipo ngakhale si nkhani yokoma, palibe chimene chimanena zoona kuposa izi. Chotsani zonse pansi pa khola muyale pepala loyera. Chitosi cha mbalame chili ndi magawo atatu: chimbudzi chenicheni chobiriwira kapena chabulauni, kachigawo koyera ngati choko komwe ndi zinyalala zochokera ku impso, ndi timadzi pang'ono tomwe ndi mkodzo. Budgie yathanzi imachita chitosi kangapo pa ola limodzi, kotero pofika madzulo pepala liyenera kukhala ndi timadontho tambirimbiri. Tikakhala tochepa, tating'ono ndi tobiriwira moderako, mbalameyo sikudya. Kachigawo koyera kaja kakasanduka kachikasu kapena kobiriwira, chiwindi chimakayikiridwa. Njere zathunthu m'chitosi zikutanthauza kuti chakudya chikungodutsa osagayika. Chitosi chakuda bii chonga phula chikhoza kukhala magazi ochokera m'matumbo. Madzi ochuluka kwa tsiku limodzi mbalame itadya masamba kapena itachita mantha si vuto, koma akapitirira masiku ndi nkhani ina. Nthenga za kumunsi kwa mchira zikamatidwa ndi zitosi, nachonso ndi chizindikiro.

Kusanza kumasokoneza anthu. Budgie yaimuna yathanzi imabweza chakudya dala, ikugwedeza mutu mmwamba ndi pansi, n'kupatsa inzake, galasi, ngakhale chala chanu. Kumeneko ndi kufunsira. Kusanza kwa matenda ndi kwina: mbalame imapukusa mutu uku ndi uku, njere ndi zonanda zimamwazika pamawaya, ndipo nthenga za pamutu ndi kumaso zimatsala zomatana.

Chomaliza ndi kulemera, ndipo kwa ine ichi ndiye chida chimene mwini budgie aliyense amayenera kukhala nacho mbalame isanadwale. Nthenga zimabisa kuwonda. Sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu imaulula msanga kuposa diso. Yezani m'mawa isanadye, kamodzi pa sabata, muzilemba. Ikataya gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake, pamenepo pali vuto ngakhale ikuimbabe. Kwa mbalame ya magalamu 35 tikunena magalamu atatu ndi theka okha. Ngati mulibe sikelo, sisitani chala mofatsa pakati pa chifuwa chake. Pali fupa loyenda kuchokera mmwamba kutsika, ndipo mbali zake zonse ziyenera kukhala ndi mnofu wodzaza. Likamamveka lakuthwa ngati mpeni, mbalameyo yakhala ikuwonda kwa nthawi.

Zosayenera kugona nazo

Pali zizindikiro zomwe sizifuna kuganizira kawiri: mbalame yakhala pansi pa khola osatha kukwera, ikupuma movutika, ikutuluka magazi osaleka, ikugwa kapena kuphupha, yasanza mobwerezabwereza, sinadye tsiku lonse, kapena yaikazi ikukankha ngati ikufuna kuikira koma osatulutsa kanthu. Zikatero pamafunika dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Za magazi n'zofunika kuzimvetsa: thupi lonse la budgie lili ndi magazi osadzaza n'komwe kasupuni kakang'ono ka tiyi, choncho madontho omwe kwa ife ndi achabechabe kwa iyo ndi ambiri.

Zomwe mungachite musanafike kwa dokotala

Choyamba ndi kufunditsa. Mbalame yodwala imawononga mphamvu zambiri polimbana ndi kuzizira, ndipo mukaichotsera ntchito imeneyo mwaipatsa mwayi. Kutentha kwa madigiri 27 mpaka 30 ndi komwe kumafunika. Phimbani khola ndi nsalu mbali zitatu, muike botolo la madzi otentha lokulunga m'thawulo pambali imodzi, kapena nyale yotenthetsa chapatali. Mbali imodzi yokha, kuti ikatenthedwa ithe kusuntha. Mukaona ikutambasula mapiko kutali ndi thupi, ikupuma wefuwefu, mwapitirira. Mbalame yomwe yadzigunda mutu pawindo musaitenthetse, ingoisungani pamdima ndi pabata.

Kenaka chepetsani ntchito yake. Tsitsani timitengo, kapena ngati ikugwa muchotse n'kuyala thawulo pansi. Chakudya ndi madzi zikhale pamphuno pake penipeni. Ino si nthawi yoiphunzitsa zakudya zatsopano ngakhale mutamva kuti zomwe imadya si zabwino. Ipatseni chomwe imakonda. Ngala ya mawere ndi yomwe budgie zambiri zimalandira ngakhale zikakana zina zonse, ndipo njere zoviika m'madzi ofunda kwa kanthawi kapena kadzira kowiritsa kophwanya zimathandiza. Ngati ili ndi zinzake ipatuleni, kuti isapatsire matenda, isavutitsidwe, komanso kuti mudziwe zitosi zomwe ndi zake.

Zoletsedwa nazo n'zofunika chimodzimodzi. Musaithire madzi m'kamwa mokakamiza, chifukwa khomo la njira ya mpweya lili kumbuyo kwa lilime ndipo dontho lolowa molakwika likhoza kuitsamwitsa. Musaipatse mankhwala a anthu. Mankhwala othira m'madzi akumwa ogula mongoganizira ali ndi mavuto awiri: amasintha kakomedwe ka madzi mbalame n'kuleka kumwa, ndipo amasokoneza zotsatira dokotala akadzayeza. Pomaliza, samalani kagwiridwe. Mbalame ilibe mnofu wopumira wa pansi pa mapapo ngati wathu, imapuma poyendetsa chifuwa chonse. Mukafinya chifuwa mwaitseka mpweya. Igwireni ndi kansalu, mutu uli pakati pa zala ziwiri, thupi litagona momasuka m'chikhatho, ndipo mufulumire.

Kodi chimayambitsa n'chiyani

Zizindikiro tatchulazi zimafanana pa matenda ambiri osiyana kotheratu, ndipo n'chifukwa chake kulosera kunyumba kumalephera. Komabe kudziwa zomwe zimagwira budgie kawirikawiri kumathandiza kufotokoza bwino kwa dokotala.

Ambiri mwa mavuto amayambira m'mbale. Njere zokhazokha zili ndi mafuta ambiri koma vitamini A, kashiamu ndi ayodini ndi zochepa. Mbalame ya m'tchire imauluka mitunda italiitali n'kuwotcha mafutawo, ya m'khola imawasunga m'chiwindi mpaka chiwindi kufooka. Kuchepa kwa vitamini A kumafooketsa khungu la m'kati mwa mphuno ndi khosi, tizilombo n'kupeza polowera. Kusowa ayodini kumatupitsa kachiwalo ka m'khosi kotchedwa thyroid. Mwa anthu kutupako kumaoneka kunja, koma mwa budgie kumakulira m'kati n'kupanikiza njira ya mpweya ndi ya chakudya, ndiye mbalame imalira kamluzu popuma ndi kubweza zomwe yadya.

Pa matenda opatsirana, atatu ndi omwe amatchulidwa kwambiri. Oyamba ndi psittacosis, oyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Chlamydia psittaci. Mbalame imatha kukhala naye nthawi yaitali osaonetsa kanthu, n'kudzadwala ikapanikizika. Matendawa amagwiranso anthu kudzera m'fumbi la zitosi zouma, ndipo amayamba ngati chimfine champhamvu: kutentha thupi, mutu, chifuwa chouma, kawirikawiri patatha masiku 5 mpaka 14. Choncho nyowetsani pepala la m'khola musanalichotse, sambani m'manja, ndipo wina m'nyumba akadwala chotere auze achipatala kuti muli mbalame yodwala. Mankhwala ake ndi doxycycline, amene mbalame imalandira kwa nthawi yaitali, nthawi zambiri mpaka masiku 45. Achiwiri amayambitsidwa ndi kachilombo ka m'gulu la yisiti kotchedwa Macrorhabdus ornithogaster, komwe kale ankakayesa bakiteriya wamkulu. Kamakhala m'chifu, ndipo mbalame imaoneka ikudya kwambiri koma ikungowonderawondera. Achitatu ndi trichomoniasis, yomwe imagwira khosi ndi chithokomiro, kathumba kaja kosungira chakudya, n'kuyambitsa kusanza. Onani kuti atatuwa akufuna mankhwala atatu osiyana. Mankhwala opha bakiteriya sachita kanthu pa yisiti.

Pali tinthata tina totchedwa Knemidokoptes tomwe timaboola khungu la pamlomo, pamphuno ndi m'miyendo n'kusiya nkhanambo zoyera za timabowo. Izi zimaoneka zoopsa koma zimachizika mosavuta zikapezeka msanga.

Budgie imadziwikanso ndi zotupa, makamaka za impso ndi za ziwalo zoberekera. Chodabwitsa n'chakuti chizindikiro choyamba chimatha kukhala kutsimphina. Mtsempha wopita kumwendo umadutsa pa impso, ndiye chotupa chikaupsinja mwendo umafooka, mwini n'kumaganiza kuti yathyoka. Kachikopa ka pamphuno ka budgie yaimuna yaikulu kamakhala kabuluu. Kakasanduka kabulauni ngati ka yaikazi, dokotala amaganizira chotupa cha m'machende chomwe chikusintha mahomoni.

Yaikazi ili ndi vuto lakelake. Imatha kuikira mazira ngakhale palibe yaimuna, ndipo dzira likakanirira m'kati, makamaka kashiamu akachepa m'thupi, imakhala pansi miyendo itatang'adza, mimba itatupa, mchira ukugwedezeka. Kufinya kuti lituluke kukhoza kuliswera m'kati, ndipo pamenepo zinthu zimaipiratu.

Ndiye pali poizoni, amene amakantha mbalame yomwe dzulo inali bwinobwino. Mapapo a mbalame amathandizidwa ndi timatumba ta mpweya, ndipo dongosolo limeneli limakoka mpweya mwaluso kuposa lathu, wabwino ndi woipa womwe. N'chifukwa chake m'migodi ya malasha ku Britain ankatsika ndi timbalame ta canary mpaka 1986, kuti tikayamba kufooka anthu adziwe kuti mpweya waipa. M'nyumba, poto wosamata wokutidwa ndi Teflon akatenthedwa mopitirira muyezo amatulutsa mpweya umene ife sitiumva koma umapha mbalame m'mphindi zochepa. Utsi wa fodya, mankhwala opopera tizilombo, zonunkhiritsa m'nyumba ndi penti watsopano n'zoopsanso. Pa zakudya, mapeyala, chokoleti, khofi ndi mowa siziyenera kuyandikira mlomo wake. Zitsulo za mtovu ndi zinki, zomwe imatha kumeza ikamatafuna mawaya, timabelu totchipa kapena penti wakale, zimabweretsa kusanza, ludzu lalikulu ndi kuphupha.

Kwa dokotala, ndi pambuyo pake

Si dokotala wa ziweto aliyense amene anazolowera mbalame zazing'ono, choncho funsani poimba foni. Pitani nayo m'kabokosi kakang'ono kophimba, kofunda, kokhala ndi thawulo pansi. Tengani pepala la zitosi la tsikulo, chakudya chomwe imadya, ndipo ngati mungathe ijambuleni kavidiyo ili kunyumba, chifukwa ikafika pamalo achilendo idzadziwongola ngati palibe chavuta. Khalani okonzeka kuyankha kuti zinayamba liti, ngati mwabweretsa mbalame ina posachedwa, ngati inaikirapo mazira, ndi zomwe zinaphikidwa kapena kupoperedwa m'nyumba.

Dokotala amaiyeza kulemera, amaona zitosi ndi zotengedwa m'chithokomiro pa maikulosikopu, ndipo nthawi zina amajambula X-ray kapena kutenga kadontho ka magazi. Mbalame ikafooka kwambiri amayamba waiika pofunda, kuipatsa mpweya wa okosijeni, madzi a pansi pa khungu ndi chakudya cha pa kachubu, zoyeza n'kubwera pambuyo. Musadabwe akakuchenjezani kuti ngakhale kuigwira kokha kuli ndi ngozi. Ndi zoona kwa mbalame yomwe yafika pamapeto.

Ikachira pamabuka nkhani ya zakudya, ndipo apa anthu odziwa sagwirizana pa zonse. Madokotala ambiri amalimbikitsa timibulu ta chakudya chopangidwa kale tokhala ndi michere yonse, kuti tikhale gawo lalikulu la chakudya. Oweta ambiri a nthawi yaitali amati budgie ndi mbalame ya njere mwachibadwa, ndipo njere zabwino pamodzi ndi masamba, kaloti ndi njere zomeretsa n'zokwanira. Amasiyananso pa timiyala togayira chakudya: ena amati n'tosafunika kwa mbalame yosenda njere ndipo yodwala imatha kutimeza mopitirira n'kutsekeka, ena amaika pang'ono. Chomwe onse amavomereza n'chakuti njere zouma zokhazokha sizikwanira, ndiponso kuti kusintha kuchitike pang'onopang'ono, sikelo ili pafupi, chifukwa budgie imatha kufa ndi njala pambali pa mbale yodzaza chakudya chomwe sikuchizindikira. Amagwirizananso kuti mbalame yatsopano ikhale kwayokha masiku osachepera 30 isanasakanizidwe ndi zinzake.

Mankhwala amalizeni monga mwauzidwa ngakhale mbalame itayamba kuoneka bwino pa tsiku lachitatu, popeza luso lomwe lija lobisa matenda limabwerera mphamvu zikangoyamba kubwera. Zizindikiro za kuchira zimabwera motsatana: zitosi zimachuluka, sikelo imaleka kutsika, mbalame imayamba kudzikonza nthenga, kenaka usiku mudzamva ikukukuta mlomo isanagone, yaima ndi mwendo umodzi. Kuimba kumabwera komalizira, nthawi zina patatha sabata kapena awiri, ndipo kumayamba motsitsa ngati ikudzilankhulira yokha.